Mu katuni mphepo siwomba yokha: kumvetsa ntchito ya Hayao Miyazaki

Munthu wojambula filimu ndi kamera amapeza zinthu zambiri zaulere. Akaimika kamera m'mbali mwa msewu, fumbi limauluka lokha, masamba amagwedezeka okha, galu amadutsa kumbuyo popanda womuitana. Wopanga katuni alibe mwayi umenewu. Iye amayamba ndi pepala loyera, ndipo chilichonse chimene tidzaone pa kanema, ngakhale tsitsi lopeperuka ndi mphepo, pali munthu amene anakhala pampando n'kulijambula ndi pensulo, n'kutenga pepala lina kulijambulanso litasuntha pang'ono. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi. Opanga makatuni kawirikawiri amajambula 12 kapena 8, chithunzi chimodzi n'kuchionetsa kawiri kapena katatu, komabe mulu wa mapepala umakula mochititsa mantha. Filimu ya Hayao Miyazaki ya mu 1997 yotchedwa Princess Mononoke inadya zithunzi pafupifupi 144,000.

Ndiye ngati sekondi iliyonse ndi thukuta ndi ndalama, njira yabwino yodziwira mtima wa wotsogolera katuni ndi kuona kumene wathira thukutalo. Ambiri amalithira pa ndewu, kuphulika kwa zinthu ndi kuthamangitsana, poti n'zimene zimagulitsa. Hayao Miyazaki wa ku Japan nayenso amazitha zimenezo, mwina kuposa onse a msinkhu wake. Koma chodabwitsa n'chakuti amawononganso chuma pa zinthu zimene wowerengera ndalama akanazidula tsiku loyamba. Mu filimu yake ya Spirited Away, kamtsikana kotchedwa Chihiro kakavala nsapato kamagogoda chala cha nsapatoyo pansi kuti phazi lilowe bwino. Nkhani ikanayenda bwinobwino popanda kugogodako. Koma kugogodako ndi kumene kumatiuza kuti uyu ndi mwana weniweni, wolemera thupi, wokhala ndi zizolowezi zake, ndipo tikakhulupirira nsapatoyo timakhulupiriranso mizimu ndi zinjoka zimene akukumana nazo.

Miyazaki anabadwa pa 5 Januwale 1941 ku Tokyo, dziko lake lili kale pa nkhondo ku China ndipo kutatsala miyezi 11 kuti liputenso America. Bambo ake anali mmodzi wa oyendetsa kampani ya pabanja, Miyazaki Airplane, imene inkapanga zigawo za kumchira zowongolera ndege zankhondo za Zero. Kunena mosabisa, banjali linkadya bwino chifukwa cha nkhondo. Mu Julaye 1945 mabomba anagwa pa mzinda wa Utsunomiya kumene anasamukira, iye ali ndi zaka 4. Anafotokozapo atakula kuti usiku umenewo anathawa pa kagalimoto, n'kusiya mayi wina wonyamula mwana akupempha kuti amukweze. Zinthu ziwirizi, kukonda ndege mpaka misala ndi kunyansidwa ndi zimene ndegezo zinachita, sanazigwirizanitse mpaka lero, ndipo sanayese n'komwe kubisa kuti zimakangana mwa iye. Pafupifupi filimu yake iliyonse muli china chake chouluka, ndipo zambiri muli moto wochokera kumwamba.

Chilonda china ndi cha amayi ake, amene anadwala chifuwa chachikulu cha mumsana kuyambira 1947 n'kukhala chigonere zaka zingapo. Mu My Neighbor Totoro, ana awiri aakazi, Satsuki ndi Mei, amasamukira kumudzi ndi bambo awo kuti akhale pafupi ndi chipatala kumene kuli amayi awo. Filimuyi sitchula dzina la matendawo, ndiponso sikuti imalira nawo. Imangoonetsa mmene mwana wamkulu amadzikakamizira kukhala mayi wapanyumba, kuphika, kupesa mng'ono wake, mpaka tsiku limene uthenga wochokera kuchipatala ukumugwetsa ulesi n'kulira ngati mwana amene ali.

Anthu ambiri amaganiza kuti Miyazaki anatulukira monga katswiri. Zoona zake n'zakuti anayambira pansi penipeni. Atamaliza maphunziro a ndale ndi zachuma pa yunivesite ya Gakushuin mu 1963, analowa ntchito ku kampani ya makatuni ya Toei monga wodzaza mipata. Apa ndiyenera kufotokoza mmene ntchitoyi imagawidwira. Pali ojambula akuluakulu amene amajambula nsonga za kayendedwe, mwachitsanzo dzanja lili pansi ndi dzanja litafika pamwamba. Kenako pali achinyamata amene amajambula zithunzi zonse za pakati kuti dzanjalo likwere mosadumpha. Ena amapenta malo a kumbuyo, nkhalango, nyumba ndi mitambo, ndipo ena amasankha mitundu. Wodzaza mipata ndiye amene amalipidwa mochepa kwambiri, ndipo m'makampani ambiri a ku Japan mpaka pano amalipidwa ngati waganyu, pa pepala lililonse. Miyazaki analawa moyo umenewo, ndipo pofika 1964 anali mlembi wamkulu wa bungwe la ogwira ntchito pakampanipo.

Ndi m'bungwemo mmene anadziwana ndi Isao Takahata, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu. Ubwenzi wawo unali wa mphunzitsi, mnzake ndi wopikisana naye nthawi imodzi, ndipo unatha ndi imfa ya Takahata mu Epulo 2018. Filimu yoyamba ya Takahata, yonena za mnyamata wotchedwa Horus, inatenga zaka zitatu, inatuluka mu 1968, ndipo kampani inaichotsa m'nyumba za kanema patangotha masiku 10. Awiriwa anachoka ku Toei mu 1971. Zaka zotsatira anazithera pa makatuni a pa wailesi ya kanema, ndipo ofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi Heidi ya mu 1974. Asanayambe, anapita ku Switzerland kukaona ndi maso mapiri, mbuzi ndi nyumba za kumeneko, chinthu chimene opanga makatuni a ana sankachita masiku amenewo. Miyazaki ndiye ankakonza kaimidwe ka chithunzi chilichonse, mlungu ndi mlungu kwa chaka chathunthu. Liwiro lake ndi diso lake zinasulidwa pamenepo. Filimu yake yoyamba yaitali monga wotsogolera, The Castle of Cagliostro, inabwera mu 1979, ali ndi zaka 38.

Nausicaä of the Valley of the Wind inayamba mu 1982 monga nthano ya zithunzi ya m'magazini, imene ku Japan amati manga, n'kusanduka filimu mu 1984. Itayenda bwino, mu 1985 Miyazaki, Takahata ndi mkonzi wa magazini Toshio Suzuki anayambitsa kampani ya makatuni ya Studio Ghibli ndi ndalama za kampani yosindikiza mabuku ya Tokuma Shoten. Dzinalo analitenga ku ndege ya ku Italy imene nayonso inatchedwa ndi dzina la mphepo yotentha ya m'chipululu cha Libya. Pa Nausicaä ndi pamenenso anayamba kugwira ntchito ndi woimba Joe Hisaishi, amene wapeka nyimbo za mafilimu ake onse aatali kuchokera nthawi imeneyo.

Kapangidwe kake ka filimu ndi kachilendo, ndipo ndi kamene kamafotokoza ubwino ndi zofooka zake zomwe. Ku Hollywood amayamba ndi kulemba nkhani yonse, kuikonza kambirimbiri, kenako n'kuyamba kujambula. Miyazaki salemba nkhani m'mawu poyamba. Amatenga mapepala okhala ndi timabokosi n'kuyamba kujambula filimuyo kabokosi ndi kabokosi, pambali n'kulemba mawu olankhulidwa ndi masekondi amene chithunzicho chikhale. Akamaliza gawo loyamba amalipereka kwa ojambula kuti ayambe ntchito, iye asanadziwe mmene nkhaniyo idzathere. Ganizirani anthu oposa zana akulandira malipiro mwezi ndi mwezi, tsiku lotulutsa filimu litalengezedwa kale, mwini nkhani akadakanda mutu kufunafuna mathero. N'chifukwa chake mafilimu ake amayenda ngati maloto, mosadziwika kumene akhotere. N'chifukwa chakenso ena amathera mothamanga. Ine ndimaona kuti Howl's Moving Castle ya mu 2004 ili ndi vuto limeneli: chiyambi chake n'chokoma zedi, koma mphindi zomaliza zimamanga mfundo zambiri mwaphuma, nkhondo n'kutha ngati munthu wangozimitsa nyali.

Pamwamba pa izo, amayang'ana yekha ntchito ya ojambula akuluakulu, n'kumakonza ndi pensulo yake pamene sizinamukhalire. Pa Princess Mononoke zimanenedwa kuti dzanja lake linakhudza zithunzi pafupifupi 80,000. Chimene amafuna si kukongola chabe, koma umboni woti wojambulayo anaonapo chinthucho ndi maso. Popanga Spirited Away panali gawo limene Chihiro akukanula kamwa la chinjoka chovulala kuti achimwetse mankhwala. Miyazaki anauza anyamata ake kuti aganize mmene munthu amamwetsera galu mankhwala, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachitapo zimenezo. Anawatumiza kuchipatala cha ziweto ndi kamera kuti akaone nkhama, mano ndi mmene galu amakanira. Nawonso mzimu wonunkha umene ukubwera kudzasamba m'filimu yomweyo, umene pomaliza ukupezeka kuti ndi mtsinje wodzaza zinyalala, unachokera pa tsiku limene iye ndi anansi ake ankayeretsa mtsinje wa kwawo n'kuzula njinga yokwiririka m'matope. M'filimumo chinthu choyamba chimene akuchikoka m'thupi la mzimuwo ndi chigwiriro cha njinga.

Palinso nthawi zimene amangosiya nkhani kuti ipume. Pokambirana ndi wolemba za mafilimu Roger Ebert mu 2002, anaomba m'manja kangapo n'kunena kuti chofunika ndi kanthawi ka pakati pa kuomba kumodzi ndi kwina, chifukwa filimu yongothamanga osapuma imasanduka phokoso. Gawo lodziwika kwambiri la Totoro ndi la ana awiri ataima pa siteji ya basi usiku, mvula ikugwa, akudikira bambo awo. Wamng'ono akusinza, wamkulu akumubereka. Palibe chikuchitika kwa nthawi ndithu, kenako chinyama chachikulu chaubweya chikungofika n'kuima pambali pawo, nachonso ngati chikudikira basi. Chikanatulukira ndi ng'oma ndi malipenga, chikanakhala chidole. Poti chafika titatopa kale ndi kudikira limodzi ndi anawo, timachilandira monga mmene iwo akuchilandirira. Filimuyi itatuluka mu 1988, pamodzi ndi Grave of the Fireflies ya Takahata, sinapindule kwenikweni m'nyumba za kanema. Inadzabweza ndalama pambuyo pake kudzera pa wailesi ya kanema ndi zidole, ndipo lero chinyamacho, chimene ndiye Totoro, ndicho chizindikiro cha kampani.

Pamene ndimaona kuti Miyazaki anafika pachimake ndi pa nkhani ya anthu oipa, kapena ndinene kusowa kwawo. Mu Princess Mononoke muli mayi wotchedwa Eboshi, mtsogoleri wa mudzi wosula zitsulo. Kuti ng'anjo zake ziyake, anthu ake amagwetsa nkhalango ndi kukumba mapiri, ndipo milungu ya m'nkhalangomo, mimbulu ndi nguluwe zikuluzikulu, yamuukira. Katuni wamba akanamupatsa maso ofiira ndi kuseka kwa mfiti. Koma Eboshi ndi amene amawombola atsikana ogulitsidwa m'nyumba za uhule n'kuwapatsa ntchito yoponda mvukuto, ndipo m'mudzi mwake akazi amalankhula mokweza, amuna n'kumamvera. Ndi iye yekha amene anasambitsa akhate ndi kuwamanga mabala, anthu ena onse atawataya. Nkhalango ikapambana, anthu amenewa abwerera kumene anachokera. Eboshi akapambana, nkhalango yatha. Ife amene timadandaula za mapiri ometedwa mpala uku tikuphikira makala, ndipo tikudziwa kuti wootcha makalayo akufuna fizi ya mwana wake, funso limeneli sitifunika kulimasuliridwa. Mnyamata Ashitaka, amene ali pakati pa mbali ziwirizi, sapeza yankho. Amangokana kudana ndi mbali iliyonse, ndipo filimu imatha nkhalango yakale itapita, udzu watsopano ukumera, anthu akuti ayambirenso.

Filimuyi inaphwanya mbiri ya ndalama ku Japan mpaka Titanic itaipitirira. Itafika nthawi yopita nayo ku America, a Ghibli anali atapsa kale: Nausicaä inadulidwako mphindi zoposa 20 kumeneko n'kupatsidwa dzina lina, uthenga wake n'kusokonekera. Choncho Harvey Weinstein wa kampani ya Miramax atafuna kufupikitsa Mononoke, Suzuki anamupatsa lupanga la Chijapani ndi uthenga woti asadule kalikonse. Sanadule.

Spirited Away ya mu 2001 ndiyo inamutengera kutali. Ndi nkhani ya mtsikana wa zaka 10 amene makolo ake asanduka nkhumba chifukwa chodya chakudya cha eni osapempha, ndipo kuti awapulumutse ayenera kugwira ntchito m'nyumba yosambiramo mizimu, kwa gogo wamatsenga amene amalanda mayina a antchito ake. Chihiro alibe mphamvu zodabwitsa. Chimene ali nacho ndi kukolopa, kupereka ulemu, kukana golide amene ena onse akumukanganirana, ndi kusaiwala dzina lake. Ku Japan filimuyi inapeza ndalama zoposa ma yen 30 biliyoni ndipo inakhala pamwamba mpaka 2020. Inapambana mphotho yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 2002 ndi mphotho ya mafilimu ya ku America ya Oscar mu 2003. Mwini wake sanapite kukalandira Oscar, ndipo anadzanena pambuyo pake kuti sanafune kuponda dziko limene linkaphulitsa mabomba ku Iraq.

Munthu yemweyo mu 2013 anatulutsa The Wind Rises, yonena za Jiro Horikoshi, injiniya amene anakonza ndege ya Zero, yomwe ija bambo ake ankaipangira zigawo. Apa mkangano wa mumtima mwake unaonekera poyera. Filimuyi imatsata munthu wofatsa amene akungofuna kupanga ndege yokongola, akudziwa bwino lomwe kuti amene akulipira ndi asilikali. Anaizazira mbali zonse. Ku South Korea ndi kwina anati ikukometsa munthu amene anapangira zida ufumu wankhanza, osaonetsa amene anaphedwa ndi zidazo. Okonda dziko monyanyira a ku Japan anamutcha wogulitsa dziko, makamaka poti chaka chomwecho analemba zotsutsa maganizo osintha malamulo aakulu a dzikolo amene amaletsa nkhondo. Ngakhale bungwe lolimbana ndi fodya linadandaula kuti anthu a m'filimumo akusuta kwambiri. Kwa ine dandaulo loyambalo lili ndi mfundo, ndipo sindiganiza kuti filimuyi imaliyankha mokwanira. Komabe ndi filimu ya munthu amene akudziimba mlandu yekha, chifukwa Jiro amene akusiya mkazi wodwala n'kumakesa usiku pa tebulo lojambulira akufanana kwambiri ndi amene anamujambula. Muli kachigawo ka masekondi anayi koonetsa khamu la anthu likuthawa chivomezi cha mu 1923, aliyense akuyenda mwa njira yake, kamene wojambula Eiji Yamamori anakagwira kwa chaka ndi miyezi itatu.

Ntchito yotere ili ndi mtengo wake, ndipo si Miyazaki yekha amene anaulipira. Mbali yabwino ndi yakuti Kiki's Delivery Service ya mu 1989 itapindula, anakakamiza kuti ojambula a Ghibli alembedwe ntchito yokhazikika ya malipiro a pamwezi m'malo mwa ganyu. Mlembi wa bungwe uja anali asanafe mwa iye. Mbali inayo ndi yakuti anali bwana wovuta, wosakhutira msanga. Yoshifumi Kondo, amene ankayembekezeka kudzatenga malo a Miyazaki ndi Takahata ndipo anatsogolera Whisper of the Heart mu 1995, anamwalira mwadzidzidzi mu Januwale 1998 ali ndi zaka 47, ndipo ambiri amalumikiza imfayo ndi kugwira ntchito mopitirira muyeso. Mwana wake wa Miyazaki, Goro, analembapo poyera kuti monga wotsogolera mafilimu bambo ake amakhoza zonse, koma monga bambo wapanyumba anapeza ziro. Goro atapatsidwa filimu yake yoyamba, imene inatuluka mu 2006, bambowo anatsutsa ndipo awiriwa anakhala osalankhulana nthawi yonse ya ntchitoyo. Mkazi wa Miyazaki, Akemi Ota, anali wojambula waluso ku Toei, ndipo anasiya ntchito kuti alere ana.

Masiku ano dzina la Miyazaki limatchulidwa kwambiri pa mikangano ya AI, nzeru zopangapanga za makompyuta, makamaka kuchokera mu Marichi 2025 pamene anthu anadzaza intaneti ndi zithunzi zawo zosandutsidwa ndi pulogalamu ya AI yotchedwa ChatGPT kuti zioneke ngati za Ghibli. Kavidiyo kamene kamazungulira, komuonetsa akunena kuti zimene waonazo ndi chipongwe pa moyo, ndi ka mu 2016, ndipo ndi bwino kudziwa chimene ankayankha. Anyamata a kampani ina ya zamakono anamuonetsa chinthu chonga mtembo chimene kompyuta inachiphunzitsa kukwawa pogwiritsa ntchito mutu ngati mwendo, iwo n'kumati chingathandize pa magemu oopsa. Iye anawauza za mnzake wolumala amene ngakhale kukweza dzanja kuti awombane m'manja kumamuvuta, n'kunena kuti amene anapanga zimenezo sadziwa kuti ululu n'chiyani. Sikuti amadana ndi kompyuta mwa iyo yokha. Mu Mononoke muli zigawo zothandizidwa ndi kompyuta, ndipo kuyambira pa Spirited Away mitundu ya anthu a m'mafilimu ake imapakidwa pa kompyuta, ngakhale mizere imayambabe ndi pensulo. Chimene chinamukwiyitsa ndi kayendedwe ka thupi kopangidwa ndi munthu amene sanayang'anitsitse thupi la munthu wovutika. Zithunzi za pa foni zija zimatengera mitundu yofewa ndi maso aakulu, zimene ndi chikopa chabe cha ntchito yake.

Wakhala akulengeza zopuma pa ntchito kangapo, ndipo mu Seputembala 2013 anaitanitsa atolankhani n'kunena kuti ulendo uno watsimikiza. Patangopita zaka zochepa anabwerera pa tebulo. The Boy and the Heron inatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, ndipo Suzuki ananena kuti ojambula 60 ankamaliza mphindi imodzi yokha ya filimu pa mwezi. Inatuluka ku Japan mu Julaye 2023 popanda kachidutswa kokopa anthu, kupatula chithunzi chimodzi cha mbalame, ndipo mu Marichi 2024 inamupatsa Oscar yachiwiri ya filimu ya katuni ali ndi zaka 83. Si filimu yoyambira. Ndi yolemera, yodzaza maliro ndi mafanizo, ndipo pakati pake pali nkhalamba imene yamanga dziko lake ndi timiyala tosanjikiza, ikufunafuna wolowa m'malo, mnyamata n'kukana. Amene sanaonepo chilichonse cha mkuluyu ayambe ndi Totoro ngati pali ana pakhomo, kapena Spirited Away, ndipo Mononoke aisungire ana okulirapo chifukwa muli magazi ndi mitu yoduka. Kuyambira 2020 mafilimu ambiri a Ghibli akupezeka pa Netflix m'maiko ambiri a kunja kwa Japan ndi America, kuphatikizapo kuno ku Africa.

Funso la wolowa m'malo linathetsedwa mwa njira ya malonda. Goro anakana kutenga kampaniyo, ndipo bambo akenso sankafuna kuti aitenge. Mu 2023 wailesi ya kanema ya Nippon TV inagula masheya okwanira kuti Ghibli ikhale pansi pake. Chaka chomwecho, filimu yatsopanoyo ikuonetsedwa ku Toronto, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyi, Junichi Nishioka, anauza atolankhani kuti asaitche yomaliza, chifukwa gogoyo anali atayamba kale kubwera ku ofesi ndi maganizo a filimu ina.